Buku la ana silikoma ndi chikuto

Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, tisiye kusankha buku la ana ndi maso okha. Chikuto chonyezimira chatipusitsa mokwanira.

Sabata yatha ndinawerengera ana a kalasi yoyamba buku la zithunzi zokongola. Mawu ake anali a Chinyanja, koma ziganizo zinkayenda Chipwitikizi. Ana anangoti duu. Mawa lake ndinatenga kabuku kotuwa ka Kalulu ndi Fisi. Ndisanayambe n'kuwerenga komwe, anali atayamba kale kutsutsana kuti waba ndani.

Buku liyeseni chonchi. Phimbani mawu: kodi mwana angasimbe nkhani poona zithunzi zokha? Werengani mokweza: kodi agogo a ku Angónia amayankhula choncho? Tsekani buku: kodi mwana akuti "bwerezaninso"?

Ena amati, "Mabuku a Chinyanja ndi ochepa, tizingolandira." Ndikukana. Chinyanja chinalowa m'kalasi ku Tete mu 1993, nthawi ya PEBIMO. Patatha zaka zoposa 30, tizilandirabe chilichonse ngati opemphetsa? Mwana akamva Chinyanja chopotoka m'buku, sanyoza wolemba. Amayamba kukayikira chiyankhulo cha amayi ake.