Chisoti Cholankhula: Tichisamale Bwanji Kuti Chisatipweteke?

Kuno ku Phalombe njinga yamoto ndiyo basi yathu, ngolo yathu, nthawi zina ambulansi yomwe. Wochoka ku Migowi kupita ku Chiringa, ku Nkhulambe kapena kumidzi ya kufupi ndi nyanja ya Chilwa amadalira kabaza. Anyamata ambiri a m'mipingo yathu ndiwo amayendetsa njingazi, ndipo ndalama ya ufa, ya fizi ndi ya chakhumi imachokera pamenepo.

Ntchitoyi imayenda ndi foni. Kasitomala akaimba osayankhidwa, amaimbira wina. Kale tinkaona anyamata atapanikiza foni pakati pa khutu ndi chisoti. Masiku ano ambiri amavala timahedifoni ta Bluetooth, ndipo ena agula kachipangizo komata pachisoti penipeni, kokhala ndi masipika ndi maiki yake. Kachipangizoka kakayamba kuvuta, woyendetsa amachita zinthu zoopsa: amabofinya mabatani njinga ikuthamanga, amakweza voliyumu mpaka pamapeto, amamasula lamba, ena mpaka amasema chisoti ndi mpeni. N'chifukwa chake mwezi uno tikukambirana za kakonzedwe kake pa tsamba la zaumoyo.

Kamagwira ntchito motani

Kali ndi zigawo zitatu: kabokosi ka batire ndi mabatani kokhala kunja kwa chisoti, masipika awiri opyapyala omatidwa mkati, ndi maiki yokhala pafupi ndi pakamwa. Kamalumikizana ndi foni popanda waya, pa mtunda wa mamita 10 kapena kucheperapo. Tina timalolanso oyendetsa awiri kulankhulana chisoti ndi chisoti osadya mayunitsi. Pakatoni amalemba mtunda wautali, koma umenewo ndi wa pamalo poyera. Mitengo, nyumba ndi makhotolo a m'mphepete mwa phiri la Michesi zimaufupikitsa. Mnzanu akazimiririka kuseri kwa chitunda mawu n'kuduka, kachipangizo sikanafe ayi. Mayina odziwika padziko lonse ndi Sena ndi Cardo, koma ndi okwera mtengo. Zomwe zimafika m'misika yathu zambiri ndi zotchipa, ndipo zimafuna chisamaliro chochuluka.

Kakakana kulumikizana ndi foni

Imitsani njinga kaye. Zimitsani kachipangizo ndi Bluetooth ya pafoni, kenaka muyatsenso. Zikakanika, lowani pa mndandanda wa zipangizo zomwe foni ikuzidziwa, fufutani dzina lake, ndipo muzilumikize ngati zatsopano. Kawirikawiri vuto limakhala lakuti kachipangizo kalumikizana ndi foni ina yomwe kanazolowera, ya mayi a kunyumba kapena ya mnzanu wa pasiteji amene munam'bwereka dzulo. Mwini foni inayo akazimitsa Bluetooth yake, zanu zimabwerera. Kapepala ka malangizo kobwera m'katoni kasungeni. M'menemo ndimo alemba mabatani oyenera kudina kuti kachipangizo kaiwale zonse n'kuyambiranso.

Mawu akamamveka pansipansi

Apa m'pamene makutu ambiri akuwonongekera. Nthawi zambiri sipika imakhala yabwinobwino, koma yamatidwa pamalo olakwika. Ikasuntha ngakhale pang'ono kuchoka pa bowo la khutu, mawu amatsika kwambiri. Valani chisoti, lowetsani chala mupeze pomwe pali bowo la khutu, ndipo musunthire sipika pamenepo. Ngati yatalikira, ikani kumbuyo kwake kasiponji komwe amaika m'katoni. Mukatero mupeza kuti theka la voliyumu likukwanira.

Sipika imodzi ikasiya, onani ngati pulagi yalowa bwino komanso ngati waya sanapanikizike pansi pa nsalu. Kwa ovala timahedifoni tolowa m'khutu, kasefa kake kamatsekeka ndi litsiro la m'khutu ndi fumbi. Kapukuteni ndi mswachi wouma. Khutu lenilenilo musalitokose ndi kamtengo ka machesi kapena nthenga, chifukwa mumangokankhira litsiro mkati ndipo mutha kuboola nembanemba. Likatsekeka, pitani kuchipatala.

Ngati wakuimbirani akungomva mphepo, onani kasiponji kakuda ka pamaiki. Kakathothoka kapena kung'ambika, ikani kena. Maiki iyang'ane pakamwa, ndipo galasi la chisoti likhale lotseka.

Batire

Batire ya m'zipangizozi ndi yofanana ndi ya m'foni, ndipo mdani wake wamkulu ndi kutentha. Chisoti chosiyidwa pathanki tsiku lonse padzuwa la mwezi wa Okutobala chimaphika batire, n'kuyamba kutha msanga. Chiikeni pamthunzi. Musadikire kuti batire ithereretu musanatchaje, ndipo ikadzaza ichotseni pamoto. Pobowo potchajira pali kachivindikiro ka labala. Kazikhala kotseka, chifukwa fumbi la m'misewu yathu ndi mvula zimalowera pamenepo. Kachipangizo kakanyowa, kazimitseni, kaume pamthunzi tsiku lathunthu musanakatchaje. Musakaumitse pambaula.

Kabokosi kakatupa, kakamanunkha kapena kutentha kwambiri potchaja, siyani kukagwiritsa ntchito. Batire yotupa imatha kuyaka, ndipo kabokosika kamakhala pafupi ndi khutu ndi khosi. Musatchajire pamphasa, pansi pa pilo kapena pafupi ndi chigubu cha petulo. Yakufayo musaiponye pamoto wa zinyalala, ndiponso musaipereke kwa ana kuti aziseweretsa.

Chisoti ndicho chachikulu

Mkati mwa chisoti muli chinthu choyera chonga chomwe amatchingira wailesi kapena TV m'katoni. Ena amachiona ngati chongodzazitsa, n'kuchisema kuti sipika ilowe bwino. Chimenechotu ndicho chimapulumutsa ubongo. Munthu akagwa, chimaphwanyika pang'onopang'ono n'kumeza mphamvu yomwe ikanafika pamutu. Mukachisema, mwachichepetsa pambali pa mutu, pomwe fupa ndi lopyapyala. Musabowolenso chigoba cha kunja kuti mumange kabokosi ndi bawuti. Gwiritsani ntchito kopanira kapena chomatira chomwe chimabwera nako. Chisoti chikakana sipika, chosiyidwa ndi sipikayo.

Choyeracho chikaphwanyika sichibwereranso. Chisoti chomwe chinamenyetseka pangozi mutu uli momwemo chatha ntchito, ngakhale kunja chikuoneka chatsopano. Pogula china, yang'anani palamba kansalu kolembedwa E mkati mwa kabwalo, kapena chilembo cha DOT kumbuyo, ndipo muchinyamule: chopepuka ngati chikho komanso chopanda choyera chochindikala mkati musachikhulupirire, ngakhale chili ndi chidindo. Chipewa cha omanga nyumba si chisoti cha panjinga. Lamba azimangidwa mothina, zala ziwiri zokha zizilowa pansi pa chibwano. Chisoti chosamanga chimauluka mwini wake asanafike pansi.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi za pamsewu chaka chilichonse. Limanenanso kuti chisoti chabwino chovalidwa moyenera chimachepetsa kuvulala kwa ubongo mpaka ndi 74 pa 100 alionse. Malamulo a pamsewu a dziko lathu amafuna kuti woyendetsa ndi wokwera onse avale.

Pa ukhondo, chotsani masipika ndi maiki, chapani nsalu ya mkati ndi sopo wamba ndi madzi ofunda, muiyanike pamthunzi. Petulo, palafini ndi mankhwala osungunulira penti zimafooketsa chigoba, choncho zisachikhudze. Chisoti cha okwera chimadutsa pamitu yambiri patsiku, ndipo chipere ndi nsabwe zimayenda nacho. Yankho lake ndi kuchichapa ndi kuvala kaduku kapena kansalu koyera mkati. Kukana chisoti si yankho. Kwa ife osunga Sabata nthawi ilipo kale: chapani Lachisanu masana dzuwa lisanalowe, njinga ikupuma nsalu ikuuma, pofika Lamlungu m'mawa zonse zakonzeka.

Makutu sakhala ndi sipeya

Mkati mwa khutu muli timaselo tonga ubweya tomwe timamva phokoso. Tikafa sitimeranso. WHO imati munthu wamkulu angamve phokoso la madesibelo 80 kwa maola 40 pasabata popanda kuwononga makutu, koma likafika 90 nthawiyo imatsika kufika maola 4, ndipo pa 100 ndi mphindi 20 zokha pasabata yonse. Wakabaza ali kale m'phokoso la injini ndi mphepo kuyambira mbandakucha. Akawonjezera nyimbo zoti zipose phokoso limenelo, makutu amalandira katundu woposa mphamvu yawo. Langizo la WHO ndi lakuti voliyumu isapitirire 60 pa 100.

Inu a pakhomo ndinu oyamba kuzindikira. Bambo akamadandaula kuti m'makutu mukulira ngati nkhululu madzulo, akamakweza wailesi kuposa kale, kapena akamangoti "mwati bwanji?" pa mapemphero a pabanja, alimbikitseni apite kuchipatala. Achipatala akaona kuti n'kofunika, amatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre komwe amapima makutu ndi makina.

Khutu likhale pamsewu

Tinene mosapsatira: kachipangizo kokonzedwa bwino sikachotsa ngozi ya kulankhula pafoni uku ukuyendetsa. WHO imati wogwiritsa ntchito foni poyendetsa amakhala pa chiopsezo cha ngozi kuwirikiza pafupifupi kanayi, ndipo kulankhula osagwira foni m'manja sikuchepetsa kwenikweni chiopsezocho, chifukwa chomwe chachoka pamsewu ndi maganizo. Wanjinga amapulumuka ndi makutu: hutala ya lole ya kumbuyo, belu la njinga yakapalasa, mwana wofuula, mbuzi yotulukira m'chimanga. Timahedifoni totseka makutu onse awiri timabisa zonsezi. Ngakhale ikhale nyimbo ya kwaya yathu kapena ulaliki wa abusa, lole siisiyanitsa.

Choncho ntchito ya kachipangizoka ikhale yokudziwitsani kuti foni ikuitana. Patukani, imani, kambiranani za mtengo ndi malo, kenaka pitirizani. Kasitomala wodikira mphindi imodzi sathawa.

Nafenso okwera tili ndi pakamwa. Palibe chamwano kunena kuti, "Achimwene, imani kaye muyankhe foniyo," kapena "Pepani, chisoti changa chili kuti?" Eni njinga amene mumalemba anyamata ntchito, werengani Deuteronomo 22:8, pomwe womanga nyumba analamulidwa kutchinga m'mphepete mwa denga kuti asakhale ndi mlandu wa magazi munthu akagwa. Zisoti ziwiri zabwino pa njinga iliyonse ndiwo mpanda wa denga lanu, ndipo ndalama ya tsiku yomwe mumayembekezera isakakamize mnyamata kuthamanga ndi kuyankha foni nthawi imodzi. Timaphunzitsa kuti thupi ndi kachisi wa Mzimu Woyera pa nkhani ya zakudya ndi zakumwa. Mutu ndi makutu zili m'kachisi yemweyo.

Tikupempha atsogoleri a zaumoyo ndi a achinyamata m'mipingo yathu kuti asankhe Lamlungu limodzi mwezi uno, aitane akabaza onse a m'dera, a mpingo ndi osakhala a mpingo, abwere ndi zisoti zawo. Pakhale beseni, sopo ndi mswachi. Onani malamba, choyera cha mkati, pomwe pakhala masipika ndi mabatire otupa. Chisoti chopezeka chosemedwa kapena chosweka chisabwererenso pamsewu.