Mayeso a sayansi akamalembedwa, mphunzitsi wa chiyankhulo akhalepo

Mphunzitsi mnzanga, tengani choko mulembe pa bolodi mawu atatu a Chingerezi awa: force, energy ndi power. Kenaka funsani ophunzira anu kuti m'Chichewa amatanthauzanji. Yankho mukulidziwa kale: mphamvu, mphamvu, mphamvu. Mwana wa ku Soweto wolankhula isiZulu naye angakuuzeni kuti amandla, katatu konse. Komatu kwa mphunzitsi wa sayansi izi ndi zinthu zitatu zosiyana, chilichonse chili ndi muyeso wakewake, ndipo wozisokoneza pa mayeso amapatsidwa mtanda wofiira. Kodi mwana ameneyu walephera sayansi, kapena walephera chiyankhulo?

Ndikufunsa izi chifukwa kuno ku Johannesburg nkhani yokonzanso silabasi ndi mayeso olembedwa pamodzi siyachilendo. Dziko la South Africa lasintha silabasi kangapo chithereni ulamuliro wa tsankho: Curriculum 2005 idayamba kuphunzitsidwa mu 1998, idakonzedwanso mu 2002, kenaka kudabwera CAPS kuyambira mu 2012. Nthawi ya Covid-19 mu 2020, mitu ina idadulidwa kuti aphunzitsi athe kumaliza ntchito ya chaka. Chigawo cha Gauteng chili ndi madera a maphunziro 15, ndipo ndi chizolowezi kuti sukulu za m'dera limodzi, kapena za m'chigawo chonse, zilembe pepala limodzi la mayeso. Pa misonkhano yokonza mapepala otere yomwe ndakhalapo, patebulo pamakhala alangizi ndi aphunzitsi a sayansi. Aphunzitsi a ziyankhulo amaitanidwa kumapeto, ngati aitanidwa n'komwe, kuti aone ngati mawu alembedwa molondola.

Ine ndikuti uku n'kulakwitsa, ndipo ena mwa olakwawo ndife tomwe, chifukwa tidavomera kuti sayansi si munda wathu.

Taonani mmene zinthu zilili. M'sukulu zambiri za boma kuno, mwana amaphunzira m'chiyankhulo cha kwawo mpaka Giredi 3. Akalowa Giredi 4, maphunziro onse amasanduka a Chingerezi, ndipo chaka chomwecho ndi pomwe amakumana koyamba ndi phunziro la Natural Sciences and Technology. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021 adapeza kuti ana 81 mwa 100 alionse a Giredi 4 m'dziko lino sankatha kuwerenga ndi kumvetsa zomwe awerenga, ngakhale m'chiyankhulo chawo chomwe. Ndiye mwana yemweyo timupatsa pepala la sayansi m'chiyankhulo chachiwiri, malikisi akatuluka n'kumati sayansi ndi yovuta.

Chitsanzo chomwe ndimachikonda n'chakusungunuka. Mu CAPS, ana a Giredi 4 amaphunzira kuti chinthu cholimba chikatenthedwa chimasanduka chamadzimadzi, chimene Chingerezi chimati melt. Akafika Giredi 6 amaphunzira za shuga kapena mchere wothiridwa m'madzi, chimene Chingerezi chimati dissolve. Ife timati majarini wasungunuka mu poto, shuga wasungunuka mu tiyi. Mawu ndi amodzi. Izi sizitanthauza kuti Chichewa n'chosauka. Mayi aliyense wophika amadziwa kuti majarini amafuna moto pomwe mchere umasungunuka ngakhale m'madzi ozizira. Nzeruyo mwana amabwera nayo kuchokera kukhitchini. Chomwe akusowa ndi munthu womuonetsa kuti Chingerezi chidagawa pawiri chinthu chimene chiyankhulo chake chimachitchula kamodzi. Mphunzitsi wa sayansi amene sadaganizepo za ziyankhulo sangaone msampha umenewu. Inu mungauone msanga.

Palinso mawu olamula omwe amayambitsa funso. Pepala likati describe, likufuna mwana anene zomwe zikuchitika. Likati explain, likufuna anene chifukwa chake. Tonse timangomasulira kuti fotokozani. Ndidaonapo ndi maso anga, pa msonkhano wochonga mapepala m'dera lina, mulu wa mayankho a ana omwe adalemba zoona zokhazokha koma osapeza malikisi, chifukwa sadalembe mawu akuti because. Mlangizi wina adati anawo ndi aulesi poganiza. Titawafunsa ena mwa iwo pakamwa, m'chiyankhulo chawo, chifukwacho adachinena mosajejema.

Musandimve ngati ndikudana ndi mayeso olembedwa pamodzi. Ali ndi ntchito yake. Amaulula sukulu yomwe yadumpha mitu, ndipo amateteza mwana wa ku Diepsloot kuti asapatsidwe mafunso ofewa pomunyoza kuti sangathe zomwe mnzake wa ku Sandton akuchita. Koma mayeso otere amalamulira kalasi kuposa silabasi. Zomwe zili pa pepala ndi zomwe zimaphunzitsidwa. South Africa idaziona izi ndi mayeso a ANA a chiyankhulo ndi masamu, omwe adayamba mu 2011 n'kuima mu 2015 mabungwe a aphunzitsi atakana kulembetsa, ponena kuti sukulu zasanduka malo okonzekera mayeso basi. Choncho ngati pepala la sayansi likufuna kuloweza matanthauzo a Chingerezi, aphunzitsi adzalowezetsa, ngakhale silabasi italemba bwino chotani za kufufuza ndi kuyesa.

Boma layamba kuvomereza vutoli. Kuchokera pa zomwe zidayesedwa ku Cofimvaba m'chigawo cha Eastern Cape, komwe ana ankaphunzira masamu ndi sayansi mu isiXhosa pamodzi ndi Chingerezi, unduna udayamba kufalitsa maphunziro a ziyankhulo ziwiri mu Giredi 4 kuyambira mu 2025. Ndi chiyambi chabwino. Koma Cofimvaba si Johannesburg. Kumeneko pafupifupi kalasi yonse imalankhula chiyankhulo chimodzi. Kuno kalasi imodzi mutha kupezamo isiZulu, Sesotho, Xitsonga, Tshivenda, ndiponso mwana wa makolo ochokera ku Mangochi kapena ku Mzimba, amene chiyankhulo chake sichili m'gulu la ziyankhulo 12 zovomerezeka ndi malamulo a dziko lino. Kumasulira pepala m'chiyankhulo chimodzi sikungathandize onsewa. Chomwe chingathandize onse ndi funso lolembedwa mosazungulira, chiganizo chachifupi, chithunzi chomveka, ndi ndondomeko yochongera yomwe imapereka malikisi pa ganizo la sayansi ngakhale galamala itatsimphina.

Inu amene muli ku Malawi, mwina mukuti izi n'za ku Joni. Kumbukirani kuti lamulo la maphunziro la 2013 lidaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira, ndipo mwana wa Sitandade 8 amayankha sayansi ya MANEB m'Chingerezi. Anzathu a ku Tete ali ndi mbiri ina: m'zaka za 1993 mpaka 1997 kudayesedwa maphunziro a Chinyanja ndi Chipwitikizi, Mozambique isadayambe maphunziro a ziyankhulo ziwiri mu 2003. Kulikonseko mayeso a zoni kapena a boma alipo, ndipo amalembedwa ndi anthu ochepa omwe mukuwadziwa maina.

Ndiye chitani ichi teremu ino. Pemphani mnzanu wa sayansi akubwerekeni pepala la mayeso apitawa pamodzi ndi mayankho a ana khumi omwe adalephera. Sankhani mafunso asanu omwe ambiri adagwa. Itanani anawo mmodzimmodzi, muwafunse mafunso omwewo pakamwa m'chiyankhulo chawo, ndipo lembani amene ayankha molondola. Ena adzalepherabe, ndipo amenewo ndi a mnzanu wa sayansi kuti awaphunzitsenso. Koma pa amene ayankha bwino, lembani mawu kapena chiganizo chomwe chidawatchinga. Kapepala kameneko mupite nako kwa mphunzitsi wamkulu, mupemphe kuti dzina lanu liperekedwe kwa mlangizi wa dera lanu, komiti yokonza mayeso isadakhale pansi.