Tisabwerere ku 1996

A Mkonzi,

Bambo amene analemba m'nyuzipepala yanu kuti ana a anthu obwera asamawerengedwe ngati nzika zenizeni aiwala msanga. Mu 1996 boma la a Chiluba linasintha malamulo kuti wofuna upulezidenti akhale ndi makolo onse awiri obadwa ali nzika za Zambia. Cholinga chake chinali kutchinga a Kaunda, amene makolo awo anachokera ku Nyasaland. Mu 1999 khoti lalikulu, konkuno ku Ndola, linagamula kuti a Kaunda alibe dziko. Munthu wobadwira ku Chinsali, amene analamulira Zambia zaka 27! Nanga ife adzukulu a anthu amene anabwera kudzakumba mkuwa m'migodi tilowere kuti? Lamulo limenelo linachotsedwa mu 2016. Bambo, musaliukitsenso.

Wowerenga wanu,
Kansenshi, Ndola