Akuti Tabayidwa Jakisoni wa pa Foni



Sabata ino mwaimvanso nyimbo yakale ija. Akuluakulu ena akuti achinyamata asokonezedwa mitu ndi Facebook ndi WhatsApp, akuti patokha sitikanaganiza zopita kumsewu, pali wina akutiuzira. Ena mwa ife tinakhala zaka 4 m'kalasi tikuphunzira za kafalitsidwe ka nkhani. Lero tili ndi zaka 24, digiri ili m'chikwama kunsi kwa bedi, ntchito kulibe, sopo tikupemphabe kwa mayi. Ndiye poti nthawi tili nayo yambiri, tiloleni zomwe tinaphunzirazo zigwireko ntchito lero.

Maganizo a akuluakuluwa si atsopano ayi. M'mabuku amatchedwa chiphunzitso cha jakisoni. Chimati wailesi kapena nyuzipepala ili ngati dokotala, womvera ali ngati wodwala ali gone pabedi, uthenga ukangolowa basi wagwira, ndipo umagwira chimodzimodzi kwa aliyense. Anthu ankakhulupirira zimenezi m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, ataona mabodza a pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse komanso mmene chipani cha Hitler chinkagwiritsira ntchito wailesi ku Germany. Chitsanzo chomwe ankakonda kutchula ndi cha pa 30 Okutobala 1938, pomwe Orson Welles anaulutsa sewero pa wailesi ya CBS ku America lonena kuti zolengedwa za ku Mars zaukira dziko. Manyuzipepala analemba kuti anthu anabalalika ndi mantha mwaunyinji. Ofufuza atayibwereranso nkhaniyi patapita zaka anapeza kuti manyuzipepalawo anakokomeza, anthu ambiri sanamvere n'komwe seweroli.

Chiphunzitsochi chinayamba kugwa mu 1940. Paul Lazarsfeld ndi anzake anapita ku Erie County, m'chigawo cha Ohio, nthawi ya chisankho cha pulezidenti, n'kumafunsa anthu omwewo mobwerezabwereza kwa miyezi ingapo. Anapeza kuti ndi ochepa amene anasintha maganizo chifukwa cha wailesi kapena nyuzipepala. Ambiri ankamvera anthu anzawo: wachibale, mnzawo wa kuntchito, munthu amene amamudalira m'dera. Nkhani imayenda masitepe awiri. Imachoka pa wailesi kufika kwa munthu wotsatira nkhani, kenako iyeyo ndiye amaifikitsa kwa ena ataithira kale mchere wake.

Sitikusowa kupita ku Ohio kuti tione zimenezi. Funsani makolo anu. Nthawi ya Kamuzu wailesi inali imodzi yokha, MBC. Kanema kunalibe, anabwera mu 1999. Tsiku ndi tsiku kwa zaka pafupifupi 30 anthu ankamva mawu amodzimodzi otamanda chipani chimodzi. Jakisoni akanakhala woona, palibe Mmalawi akanaganiza zina. Koma pa 8 Malichi 1992 kalata ya mabishopu a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, anthu n'kumapatsirana mobisa ngakhale boma linailetsa. Pa 14 Juni 1993, pa referendamu, anthu opitirira 60 pa 100 aliwonse anasankha nyali, tambala wakuda n'kutsala. Panalibe WhatsApp, panalibe bandulo. Panali anthu otopa, olankhulana pamaliro, pachigayo ndi pobwera kutchalitchi.

Ndiye munthu asatiuze kuti njala taiwerenga pa foni. Mtengo wa ufa timaupeza pamsika. Makalata ofunsira ntchito omwe sayankhidwa timalemba ndi manja athu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Koma apa tisadzinamize, anzathu. Kugwa kwa jakisoni sikutanthauza kuti nkhani zilibe mphamvu pa ife. Mphamvuyo ilipo, kungoti imalowera khomo lina, ndipo makomo ake ndi awiri amene tikufuna muwadziwe tisanapite kumsewu.

Khomo loyamba analiona Maxwell McCombs ndi Donald Shaw pa chisankho cha ku America cha 1968, mu tauni ya Chapel Hill. Anafunsa anthu amene anali asanasankhe woti amuvotere kuti atchule nkhani zomwe akuziona zazikulu m'dziko. Mndandanda wa anthuwo unafanana kwambiri ndi nkhani zomwe manyuzipepala ndi makanema ankaika patsogolo. Tanthauzo lake n'lakuti wofalitsa nkhani sachita kukuuza choti ukhulupirire. Amangokusankhira choti uzikambirana. Taganizirani masabata angati omwe tawononga pa gulupu tikukangana za oimba awiri amene atukwanana, kapena wandale amene wasintha chipani, pomwe nkhani ya ntchito za achinyamata yangoti zii. Palibe amene anatinamiza pamenepo. Anangotisinthira nkhani, ife n'kutsatira ngati nkhuku yoona chimanga.

Khomo lachiwiri analifotokoza mayi wa ku Germany, Elisabeth Noelle-Neumann, mu 1974. Iye anati munthu amaopa kukhala yekha kuposa kulakwitsa. Akaona ngati maganizo ake ndi a anthu ochepa amakhala chete, ndipo kukhala chete kwakeko kumachititsa mnzake kuganiza kuti nayenso ali yekha. Mapeto ake anthu ambirimbiri oganiza chimodzi amangoyang'anana, aliyense akuyesa kuti ndi iye yekha wopenga. N'chifukwa chake mumamva kuti ochita zionetsero ndi kagulu kochepa ka anthu osowa chochita. N'chifukwa chake pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011, zomwe anthu pafupifupi 20 anafa, mawailesi omwe si aboma analetsedwa kuulutsa zomwe zinkachitika m'misewu. Wa ku Mzuzu akapanda kudziwa kuti wa ku Blantyre nayenso watuluka, amabwerera m'nyumba.

Tsono apa pali mawu owawa, ndipo akupita kwa ife tomwe. Zimene tikudandaulazi ifenso timachita. Munthu akafunsa funso pa gulupu, kuti kodi chithunzichi n'cha liti, kapena kodi ndalama zoperekazi akusunga ndani, pompo timamuti wagulidwa. Mawa lake ena asanu amene anali ndi funso lomwelo amangoti phee. Kumeneko n'kutsekana pakamwa komwe komwe tikulimbana nako. Ndipo tisaiwale Rwanda mu 1994. Wailesi ya RTLM inkatchula Atutsi kuti mphemvu, koma wailesi sinagwire chikwanje. Anagwira ndi anthu, atamva mawuwo akubwerezedwa ndi atsogoleri a m'dera komanso anzawo oyandikana nawo. Masitepe awiri aja amanyamula choonadi, amanyamulanso chidani.

Pa sitepe yachiwiriyo lero taima ndife. M'dziko muno anthu opitirira 80 pa 100 aliwonse amakhala kumudzi. Agogo anu alibe bandulo. Amalume anu amamva nkhani pa wailesi madzulo, kenako amaimbira inu, mwana wawo wophunzira, kufunsa kuti kodi zimenezi n'zoona? Zimene muyankhe pa foni imeneyo zili ndi mphamvu kuposa mtolankhani aliyense. Mukawatumizira bodza kamodzi, tsiku lomwe mudzawauze zoona sadzakukhulupirirani, ndipo amene amati tabayidwa jakisoni adzakhala apeza umboni waulere. Paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

Choncho tisanakumane kumsewu, tikupempha zinthu zinayi.

1. Musatumize voisi, chithunzi kapena vidiyo yomwe simukudziwa gwero lake. Mawu oti "akuti" si gwero. Funsani kuti wajambula ndani, kuti, liti. Ngati yankho palibe, ifere mu foni mwanu.

2. Tigwire nkhani yathu. Tikufuna ntchito, tikufuna mitengo ya zinthu yoti munthu n'kukwanitsa, tikufuna ndalama za misonkho zioneke komwe zapita. Wina akaponya nkhani ya mitundu, ya zigawo kapena ya moyo wamseri wa munthu, musayankhe. Kuyankha ngakhale motsutsa ndi kuikweza.

3. Wofunsa funso ayankhidwe, asatukwanidwe. Ngati sitingathe kuyankha mnzathu pa gulupu, tikayankha bwanji dziko?

4. Sabata ino aliyense alankhule maso ndi maso ndi anthu atatu omwe sali pa WhatsApp: mayi wogulitsa tomato, wakabaza amene amakunyamulani, bambo anu aang'ono. Musawalalikire. Afunseni kuti mwezi uno aukwanitsa bwanji, ndipo mumvetsere. Mudzadabwa kuti zomwe mumayesa zanu nokha nawonso akuzinena chamumtima.

Kwa akuluakulu amene uthengawu uwafike, poti tikudziwa kuti uwafika: bwana, ife si odwala ogona pabedi. Munatitumiza kusukulu kuti tiziganiza, ndipo taganiza. Mukafuna kuti tisiye kulankhula za ulova, njira yake mukuidziwa, ndipo si kutseka intaneti.

Zionetsero zathu ndi zamtendere. Mwala ayi, moto ayi, katundu wa munthu osakhudza. Wophwanya shopu akupereka chithunzi chomwe mawa chidzakhale patsogolo pa nkhani m'malo mwa madandaulo athu, ndipo pamenepo adzakhala atisinthiranso nkhani.

Muwerenge kaye mpaka kumapeto musanatumize kwa ena. Uthenga unonso muufunse mafunso.