Wailesi ya m'galimoto si yongovinira

Munthu amene anazolowera sabufa kunyumba akagula galimoto yochokera ku Japan, dandaulo lake loyamba limakhala la wailesi. Amati masipika omwe anabwera ndi galimotoyo ndi aang'ono, mabesi sakumveka, ndipo akasaka masiteshoni amangomva phokoso. Ambiri mwa eni a Sienta zoyenda pamsewu wa M1 pakati pa Nchalo, Ngabu, Bangula ndi Nsanje amangothamangira kugula chisipika chachikulu, n'kumaliza nyimbo za pafulashi tsiku lonse.

Komatu wailesiyo sikuti ndi yakufa. Ku Japan mawailesi ambiri a m'galimoto amagwira FM kuyambira pa 76 kufika pa 90 MHz, pomwe masiteshoni a kuno ali pakati pa 87.5 ndi 108 MHz. Choncho siteshoni iliyonse yoposa pa 90 imaphonyeka. Mankhwala ake ndi kachipangizo kotchedwa band expander, komwe amakalumikiza pa waya wa eliyo. Mtengo wake sufika pa wa sabufa, ndipo sikamaliza batire monga imachitira ampulifaya galimoto ikaima padepoti.

Nkhaniyi ndi yaikulu m'chigwa cha Shire. Madzi anasefukira mu 2015, namondwe Idai anasautsa mu 2019, Ana mu 2022, ndipo Freddy mu 2023. Nthawi ngati zimenezi magetsi amazima, mafoni amathera moto, milatho imakokoloka. Chotsala chimakhala wailesi yodalira batire. Machenjezo a nthambi yoona zanyengo ndi ya DoDMA amadzera pa MBC, Zodiak komanso mawailesi a m'madera. Dalaivala amene akungomvera fulashi akhoza kulowa ndi anthu asanu ndi awiri pamalo podutsa madzi, chenjezo litaulutsidwa kale m'mawa.

Palinso za chitetezo pamsewu. Kuno njinga ndi zambiri, ng'ombe ndi mbuzi zimadutsa paliponse. Mabesi akamagunda mpaka magalasi kunjenjemera, hutala kapena kukuwa kwa wakabaza sikumveka.

Kukonda nyimbo zomveka bwino si mlandu. Koma pabalaza ndi pamsewu ndi malo awiri osiyana. Sabufa itsale kunyumba, ndipo ndalama yoyamba ipite kokonzetsa wailesi kuti izigwira masiteshoni a kuno. Nawo okwera ali ndi ufulu wopempha dalaivala kuti atsegule nkhani, makamaka m'dzinja. Paja akuluakulu anati chakudza sichiimba ng'oma.