Sitepe yosaoneka usiku ni msampha umene timadzichela tekha

Masiku ano acinyamata a m'tauni tayamba kukonda kugona kunja. Holide ikafika timasonkha ndalama, kubweleka motoka, n'kuyamba ulendo wa ku Siavonga, ku Samfya, ku Livingstone kapena ku Mfuwe. Ambili timanyamula matenti. Ocepa amene zinthu zinawayendela amakoka kalavani, kanyumba kamawilo kokhala na bedi na kakhichini mkati, monga timaonela kwa alendo ocokela ku South Africa akamadutsa mu Great East Road. Pokonzekela ulendo timakangana za nyama yoocha, za sipika, za amene adzayendetsa pobwela. Koma za masitepe awili kapena atatu a citsulo amene ali pa khomo la kalavaniyo, palibe amene amakambako.

Ife tikuti nkhani iyambile pamenepo. Sitepe iliyonse imene munthu adzapondapo usiku iyenela kuoneka, ndipo kuikonza kuti ioneke ni udindo wa mwini wake. Uyu amene wagwa alibe mlandu.

Sitepe ya kalavani ni yoipa kuposa ya panyumba. Ni yopapatiza cifukwa iyenela kupindika n'kulowa pansi motoka ikamayenda. Nthawi zambili ni yakuda, ndipo pansi pake pali nthaka yakuda na mthunzi wa kalavani yeniyeniyo. Coipilatu n'cakuti mtunda wocoka pa sitepe yothela kufika pansi umasintha malinga na pamene mwaimika. Lelo pa mcenga wa ku Samfya ni pafupi, mawa pa miyala ya ku Siavonga ni patali. Panyumba mwendo umaloweza masitepe, n'cifukwa cake timatsika tili kutumiza meseji osayang'ana pansi. Pa kalavani mwendo ulibe coloweza. Mu June na July mame akagwela pa citsulo cozizila, kutelela kumawonjezelapo.

Maso nawonso ali na malile ake. Munthu akacoka poŵala n'kulowa mumdima, maso amafuna mphindi 20 mpaka 30 kuti azolowele mokwanila. Amene wauka pakati pa usiku kuti apite ku toileti amayatsa laiti mkati, kuyang'ana pa foni, kenaka n'kutsegula citseko. Pa nthawiyo amakhala ngati wakhungu, ndipo m'pamene mwendo wake uli m'mwamba kufuna-funa sitepe. Ana na okalamba ni amene amavutika kwambili. Ana miyendo ni yaifupi, pamene okalamba maso awo amafuna kuŵala koculuka kuposa athu kuti aone cinthu cimodzi-modzico.

Kugwa timakutenga ngati nthabwala. Mnzathu akagwa, coyamba ni kuseka, caciŵili ni kufunsa ngati wina wajambula. Koma bungwe la zaumoyo la WHO limakamba kuti anthu pafupi-fupi 684,000 amafa caka ciliconse padziko lonse cifukwa ca kugwa, ndipo oposa 80 pa 100 alionse ni a m'maiko osauka na apakati monga lathu. Pa ngozi zonse zakupha, za pamsewu cabe n'zimene zimaposa kugwa. N'zoona kuti ambili sanagwe pa kalavani. Koma fupa silifunsa kumene wagwela. Kuthyoka mwendo usiku ku Mfuwe kumatanthauza kuyenda mumdima m'dela limene njovu na mvuu zimayendayenda mpaka m'makampu, ndipo cipatala cacikulu ca cigawo ca Kum'maŵa cili ku Chipata, makilomita oposa 100 kucokela kumeneko. Ulendo umene munasonkhela miyezi itatu umathela pa benchi yoyembekezela X-ray.

Wina adzakamba kuti, “Nanga foni ilibe tochi?” Ili nayo. Koma foni imafuna dzanja, ndipo dzanja limenelo n'limene lifunika kugwila citseko potsika. Linalo lanyamula mwana, poto wa madzi otentha, kapena mbale za nsima. Ndiponso foni imatha moto pa nthawi imene taifuna kwambili. Citetezo cimene cimadalila kuti munthu watulo akumbukile zinazake si citetezo ayi.

Wina adzati yankho ni laiti yaikulu pamwamba pa citseko. Iyi ni njila imene ambili amathamangila, ndipo ili na mavuto ake. Laiti ikakhala kumbuyo kwa munthu wotsika, thupi lake limaika mthunzi pa sitepe imene afuna kupondapo. Wobwela kucokela kumdima imamuthobwa m'maso. Imadya batili, imasokoneza anansi pa kampu, ndipo m'nyengo ya mvula imaitana inswa na tizilombo tonse touluka kuti tisonkhane pa khomo lanu. Kukula kwa laiti si kumene kumathandiza. Cofunika n'cakuti diso lione pamene sitepe yathela.

Conco coyamba, ndipo cochipa kupambana zonse, ni penti. Mzela woyela kapena wacikasu, waukulu ngati zala zitatu, m'mphepete mwa sitepe iliyonse kucoka mbali iyi kufika mbali inayo. Osapenta sitepe yonse, cifukwa zonse zikayela zimaoneka ngati cinthu cimodzi ukayang'ana uli pamwamba. Diso limagwila msanga pamene pakumana cakuda na coyela, ngakhale kuli mwezi cabe. Mukathila mcenga wosefa pa penti ikali yaiŵisi n'kupakanso pamwamba, nsapato imagwila bwino ngakhale pali mame.

Caciŵili ni tepi yonyezimila, monga imene timamata pa motoka. Kuno kwathu motoka imafunika kukhala na yoyela kutsogolo na yofiila kumbuyo kuti oyendetsa ena ationeko usiku. N'zodabwitsa kuti timasamala maso a dalaivala wosamudziŵa n'kuiŵala mapazi a amayi athu. Koma tepi imeneyi tiidziŵe bwino. Siŵala yokha. Imabweza kuŵala komwe kwacokela, conco imathandiza munthu amene ali na tochi pafupi na maso ake, maka-maka tochi ya pamphumi. Wopanda tochi siimuthandiza kweni-kweni. Pa masitepe sankhani yacikasu, kuti yofiila na yoyela zikhale za pamsewu.

Cacitatu ni tepi kapena penti yoŵala yokha mumdima, ija yobiliŵila. Iyi imamwa kuŵala masana n'kumakutulutsa pang'ono-pang'ono usiku, popanda waya kapena batili. Si coseŵeletsa ca ana. Bomba litaphulika ku World Trade Center mu 1993, anthu anavutika kutsika masitepe mumdima na utsi, ndipo pambuyo pake m'masitepemo anaikamo penti yotele. Pa 11 September 2001 inathandiza ena mwa amene anatuluka amoyo, ndipo mu 2004 mzinda wa New York unaika lamulo lakuti nyumba zitali-zitali za maofesi zikhale na zizindikilo zotele m'masitepe. Pa kalavani pali cimodzi cofunika kukumbukila: sitepe ikakhala yopinda pansi tsiku lonse paulendo, tepiyo siinaone dzuŵa, ndiye siidzaŵala. Itambasuleni mukangofika, dzuŵa lisanaloŵe, kapena iunikeni na tochi kwa mphindi zingapo. Dziŵaninso kuti kuŵala kwake kumacepa usiku ukamapita, n'cifukwa cake iyenela kuyendela pamodzi na mzela wa penti uja.

Cothela ni kalaiti ka LED, kwa amene ali na batili ya 12 volts kapena kasola kakang'ono. Malo ake ni kunsi kwa mlomo wa sitepe, koyang'ana pansi, kuti kaunike sitepe yotsatila na nthaka popanda kulasa m'maso. Kakhale kacikasu kapena kofiilila, cifukwa kuŵala kotele sikuononga kwambili kuzoloŵela mdima kwa maso, ndiponso sikukoka tizilombo monga laiti yoyela mbee. Kali na phindu lina limene penti ilibe: kamaonetsa cinkhanila kapena njoka imene yabwela kudzagona pansi pa sitepe. Wolumikiza mawaya aikepo fuse, ndipo awapititse pamene citsulo copinda sicidzawadula.

Tidziŵa kuti ambili a ife tilibe kalavani, mwina sitidzakhala nayo. Koma nkhani imeneyi ni yathu ndithu. Mu February 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ni tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa ku Kariba, ndipo pofika September madela ambili anali kukhala opanda malaiti mpaka maola 21 pa tsiku. Caka cimeneco tonse tinaphunzila kuyenda mopapasa. Tinaona mmene masitepe a pa mafulati, a ku maboarding house a ophunzila, a kuchalichi na a ku mabala amasandukila msampha malaiti akapita. Yang'anani mathilela ogulitsilamo chipisi na nkhuku m'mbali mwa misewu ya Lusaka, makontena osandutsidwa mashopu, na sitepe ya basi yaikulu imene imatsitsa anthu ku Intercity mbandakuca ali na tulo na katundu kumanja. Vuto ni limodzi-modzi, ndipo mankhwala ake ni amodzi-modzi.

Apa m'pamene anzathu owochelela zitsulo ku Kalingalinga, ku Garden na kwina ali na mbali yaikulu. Mathilela na masitepe ambili a citsulo amacokela m'manja mwawo, ndipo pafupi-fupi onse amatuluka atapakidwa penti yakuda mbali zonse. Mzela umodzi wacikasu m'mphepete ni nchito ya mphindi zocepa na kabulashi kamodzi. Mmisili amene adzayamba kucita zimenezi asanauzidwe adzakhala na cokambila kasitoma cimene mnzake wa pafupi alibe. Nafenso ogula tizifunsa tisanalipile, monga timafunsila ngati geti idzakhala na loko.

Eni nyumba za lendi nawonso tiwauze mwaulemu. Akazengeleza, olipila lendi a pa pulotiyo angasonkhe kacitini kamodzi n'kupenta okha pa Ciŵelu m'maŵa. Akulu-akulu amati tsoka silinunkha, koma tsoka la pa sitepe timalidziŵa pamene limakhala, ndipo timapitapo tsiku lililonse.

Conco ulendo wotsatila tikamalemba mndandanda wa zogula, pakati pa makala na ayezi tilembeponso kacitini ka penti yacikasu na tepi imodzi yoŵala mumdima. Tikafika pa kampu, tisanayatse mbaula, mmodzi atambasule masitepe, aone ngati yothela yakhala bwino pansi, ndipo ngati yatalika aikepo thabwa lolimba losagwedela. Kukada, wina atsikepo wopanda tochi enafe tili kuona. Akatsika bwino osapapasa na phazi, nchito yatheka, nyama ipite pamoto.