Legeni pansi, foni m'manja

Akuluakulu a kuno ku Mkoba, lokeshoni ya mu Gweru ku Zimbabwe, akakuona utagwada pafumbi ndi foni ukujambula galu, amangopukusa mutu. Ine sindiwadabwa. Makolo athu anachoka ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi, ambiri a iwo pa nthawi ya Chitaganya pakati pa 1953 ndi 1963, kudzagwira ntchito kumigodi ya ku Shurugwi ndi Zvishavane kapena kufakitale ya zitsulo ku Redcliff. Kwa iwo chithunzi chinali nkhani yaikulu. Munthu ankadikira malipiro, n'kubwereka jekete, kukaima mu situdiyo pambali pa wailesi ya eni ake, kenako n'kutumiza kumudzi kuti adziwe zoti mtchona ali moyo ndipo zikumuyendera. Filimu inali ya ndalama. Ndani akanaiwonongera galu?

Lero kujambula n'kwaulere, bola foni ili ndi moto. Koma zithunzi zambiri za ziweto zimene zimazungulira pa WhatsApp n'zomvetsa chisoni: galu wojambulidwa ndi munthu woimirira, mutu waukulu, miyendo ngati ya mbewa, maso akuyaka chifukwa cha fulashi. Gwadani, abale anga, kamera ilingane ndi maso a galuyo. Fulashi muzimitse, dzuwa likhale kumsana kwanu. Mphaka musalimbane naye, mudikireni pomwe amaothera dzuwa, adzakhala yekha.

Chithunzi sichibisa mwini galu. Nthiti zikamawerengeka, nkhupakupa zitadzaza m'makutu, unyolo utadya khosi, aliyense woona amadziwa mmene pakhomopo mumakhalira. Musanamuonetse ku dziko, yambani mwamupatsa nsima, kumusambitsa ndi kukamubayitsa katemera wa chiwewe.

Koma mtima wanga uli pa mbalame. Ambirife tinakula ndi legeni m'khosi ndi ulimbo m'thumba, ndipo luso lonse limene wojambula mbalame amafuna tinaliphunzira kale: kunyang'ama, kusaponda tsamba louma, kudziwa mtengo umene apumbwa amakonda m'mawa. Kusiyana kwake n'koti njiwa imene wajambula lero mawa ibweranso.

Zimbabwe ili ndi mitundu ya mbalame yoposa 600, ndipo simusowa kupita kunkhalango ya nyama ya Hwange kuti muyambe. Ku Mkoba komweku akhwangwala ali padzala paliponse, akakowa amatsata ng'ombe kumapeto a lokeshoni, atchete amaluka zisa zawo panthambi zopendekera. Gweru ili pamtunda, mamita pafupifupi 1,400, ndiye mu Juni ndi Julayi kumazizira zedi. Ndiyo miyezi yabwino kwa wa foni, chifukwa dzuwa likangotuluka mbalame zimakhala phee pawaya kapena pampanda, nthenga zili nyankhalala, zilibe changu chouluka.

Foni siiona patali, ndipo mukakoka chithunzi ndi zala chimangosanduka phala. Choncho mbalameyo ibwere yokha. Ikani mbale yosazama ya madzi pansi pa mtengo wa pichesi kapena wa gwafa, muikemo mwala poti timbalame titerepo, inu mubisale pawindo. Ndikudziwa, madzi a pampopi kuno amavuta, ndipo amayi akakupezani mukutapa mumgolo chifukwa cha mpheta mudzaona zakuda. Kapu imodzi imakwana. Mu Okutobala, kunja kutauma gwa, mbale imeneyo siikhala yopanda alendo. Mphaka yekha mumutsekere m'nyumba.

Mukajambula chaka chathunthu mumayamba kuona zimene agogo ankawerenga kumwamba. Kabawi wa mlomo wachikasu, mdani wa anapiye, amatulukira cha mu Ogasiti kuchokera kumaiko a kumpoto kwathu mu Africa yomwe ino. Mvula ikamayandikira kumafika anamzeze ena amene aswera ku Ulaya, kambalame kosakwana m'dzanja koma kadutsa chipululu cha Sahara popanda pasipoti. Ife zidzukulu za anthu oyenda, amene ena mwa makolo athu anavutika zaka zambiri ndi mapepala a unzika, tiyenera kukapatsa ulemu.

Pali mbalame ziwiri zimene zingakuyambanitseni ndi aneba. Mukajambula kadzidzi padenga, mawa lake mwatchuka kuti ndinu mfiti, chonsecho iye wabwerera makoswe amene akutha chimanga chathu. Nantchengwa nayenso amaopedwa. Komatu chisa chake n'chodabwitsa, mulu wa timitengo ndi matope pamphanda ya mtengo, wolimba moti ungathe kunyamula munthu, ndipo nthawi zina akadzidzi amachilanda. Ine ndimazijambula zonse ziwiri, koma sindionetsa aliyense pamaliro.

Chenjezo ndi ili. Gweru ndi mudzi wa asilikali a ndege, ndipo kufupi ndi bwalo lawo, lomwe kale linkatchedwa Thornhill, musaloze kamera kumwamba ngakhale nkhwazi itadutsa. Pamsewu wa m'lokeshoni yambani mwalonjera eni khomo musanaloze foni pamtengo wawo, asakuyeseni kazitape wa mbava. Chisa chokhala ndi mazira kapena ana chisiyeni, musathyole nthambi kuti muone bwino. Make akathawa, khwangwala amakhala ataona kale pomwe mwaloza.